Musanagule geji ya marevu, dziwani kaye injini ya pikapu yanu

Wamalonda aliyense amene amanyamula katundu pa pikapu yake amadziwa kumene phindu limathera. Tomato wa ku Lizulu, kachewere wa ku Tsangano ndi ku Bembeke, usipa wa ku Mangochi, zonsezi kokapikula zimakhala zotsika mtengo. Koma pofika nazo mu msika wa Lilongwe kapena wa Limbe, gawo lalikulu la ndalama limakhala litapita kale ku mafuta ndi kugalaja. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masipeya ochokera kunja sakugulika, ndipo kuphwasula injini kutha kumeza mpamba wonse wa munthu.

Mtengo wa petulo ndi dizilo umalengezedwa ndi bungwe la MERA, ndiye pamenepo wamalonda alibe chonena. Chimene chili m'manja mwake ndi mmene injini ikugwiritsidwira ntchito pamsewu. Apa ndi pamene kachipangizo kotchedwa rev counter kapena tachometer, kamene amakaniko ambiri amangoti geji ya marevu, kamathandiza.

Mapikapu ambiri akale amene amachita hayala m'misika yathu anabwera opanda gejiyi, makamaka aja a mpando umodzi amene anapangidwira ntchito yakalavulagaga. Pa dashibodi pamangokhala sipidomita, geji ya mafuta ndi ya kutentha kwa injini basi. Dalaivala amadalira khutu. Khutu la dalaivala wakale ndi lodalirika ndithu, koma mwini galimoto sakhala pa chiwongolero tsiku lililonse. Masiku ena amayendetsa ndi mnyamata wolembedwa ntchito, ekizozi ili yobooka, wailesi ili pamwamba, madengu akulira kumbuyo.

Mageji oika pawekha amapezeka m'mashopu a masipeya. Koma geji ili ngati sikelo ya pamsika: ikakhala yonama imaluzitsa mwini wake yemwe. Ndalama yanu ibwerera pokhapokha gejiyo ikugwirizana ndi injini yanu, yaikidwa bwino, ndiponso yayesedwa kuti ikunena zoona.

Ntchito ya gejiyi

Sipidomita imakuuzani liwiro la galimoto pamsewu. Geji ya marevu imakuuzani kuti injini ikuzungulira kangati pa mphindi imodzi. Manambala amene ali pankhope pake amawerengedwa m'masauzande. Muvi ukakhala pa 2, ndiye kuti injini ikuzungulira ka 2,000 pa mphindi. Mageji ena amalemba 10, 20, 30 ndipo pansi pamalembedwa x100, koma tanthauzo lake ndi lomwelo.

Ziwirizi siziyendera limodzi nthawi zonse. Pa liwiro la makilomita 40 pa ola, injini itha kukhala ikukuwa mu giya yachiwiri kapena ikubanika mu giya yachisanu. Sipidomita idzaonetsa 40 ponseponse, koma mafuta amene akupsa ndi mmene zitsulo zikuperesekera ndi zosiyana kwambiri.

Funso loyamba: petulo kapena dizilo?

Ambiri amataya ndalama pa funso limeneli. Geji siona injini ikuzungulira. Imangowerenga timagetsi tobwera mwa apo ndi apo kudzera mu waya umodzi, n'kusandutsa chiwerengerocho kukhala marevu. Kumene timagetsito tikuchokera ndi kosiyana pakati pa injini ya petulo ndi ya dizilo, ndipo geji yopangidwira ina sigwira pa inzake popanda kachipangizo kena kolumikizira.

Mageji ambiri otchipa amene amapachikidwa m'mashopu, onyezimira ndi magetsi amitundumitundu, ndi a petulo. Pomwe mapikapu ambiri onyamula katundu kuno ndi a dizilo: Toyota Hilux ya injini ya 2L, 3L kapena 5L, Isuzu KB ya 4JA1 kapena 4JB1, Nissan Hardbody ya TD27. Wogulitsa akakuuzani kuti geji yake imagwira pa galimoto ina iliyonse, mupempheni akuonetseni pa katoni kapena pa kapepala ka mkati pamene palembedwa mawu akuti diesel kapena alternator. Ngati palibe, siyani. Safunsa anadya phula.

Ngati injini ndi ya petulo

Pa injini zakale za petulo zokhala ndi koyilo imodzi ndi distributor, ntchito ndi yophweka. Zitsanzo ndi Nissan 1400 ya injini ya A14, imene inkapangidwa ku South Africa mpaka 2008, ndi Hilux ya injini ya 2Y, 3Y, 4Y kapena 22R. Waya wowerengera umalumikizidwa ku mbali ya koyilo imene ili ndi chizindikiro chochotsera. Pa makoyilo ena mbali imeneyi imalembedwa nambala 1.

Kumbuyo kwa geji, kapena mkati mukatsegula chivundikiro, kumakhala kaswitchi kolembedwa 4, 6 ndi 8. Amenewa ndi masilinda a injini. Injini ya masilinda anayi imathetheka kawiri pa kuzungulira kumodzi, ya masilinda 6 katatu, ya masilinda 8 kanayi. Injini zonse zatchulidwa pamwambazi ndi za masilinda anayi, choncho kaswitchi kakhale pa 4. Mukakasiya pa 6, injini ikamazungulira ka 3,000 muvi udzaonetsa 2,000. Mukakasiya pa 8, udzaonetsa 1,500. Dalaivala wokhulupirira geji yotereyi adzaponda mafuta mopitirira akuganiza kuti injini ikadali pansi.

Chenjezo limodzi: waya wochokera ku koyilo usakhudze chitsulo cha galimoto. Ukasupuka n'kugunda bodi, injini imazima pomwepo, ndipo pa galimoto zopanda mapointi kabokosi koyatsira moto kotchedwa igniter katha kupsa. Kabokosi kameneka n'kodula kuposa gejiyo.

Mapikapu apambuyo pake amene ali ndi koyilo pa pulagi iliyonse ndi nkhani ina. Pamenepo palibe waya umodzi wonyamula kuthetheka kwa masilinda onse, ndiye pamafunika mmisiri wodziwa potenga chiwerengero kuchokera ku kompyuta ya galimoto. Musalole munthu kumangobaya mawaya a kompyuta poyesera.

Ngati injini ndi ya dizilo

Injini ya dizilo ilibe koyilo kapena mapulagi othetheka, chifukwa mafuta amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa. Choncho geji iyenera kupeza powerengera pena. Njira zodziwika zilipo zitatu.

Yoyamba, imene ndi yotsika mtengo, ndi kutenga ku alternator. Ma alternator ambiri, makamaka a Bosch, ali ndi polumikizira polembedwa W. Ena amalemba P. Pamenepa pamatuluka magetsi amene amathamanga molingana ndi kuzungulira kwa alternator. Ngati yanu ilibe malo amenewa, mmisiri wa magetsi a galimoto atha kuitsegula n'kuwotcherera waya umodzi ku mawaya a mkati asanafike pa madayodi. Ndi ntchito yaing'ono kwa woidziwa.

Koma apa pali masamu ofunika kuwamvetsa. Alternator imazungulira mofulumira kuposa injini chifukwa pule yake ndi yaing'ono. Tiyerekeze kuti pule ya injini ndi ya mamilimita 150 ndipo ya alternator ndi ya mamilimita 75. Ndiye kuti injini ikazungulira kamodzi, alternator yazungulira kawiri. Ma alternator ambiri amatumiza timagetsi 6 pa kuzungulira kwawo kumodzi, kutanthauza timagetsi 12 pa kuzungulira kumodzi kwa injini. Geji ya petulo ya masilinda anayi imayembekezera tiwiri tokha. N'chifukwa chake mukailumikiza ku W muvi umathamangira kumapeto injini ikungolira payokha. Geji ya dizilo imakhala ndi kasikuluwu kapena mabatani osinthira kuti igwirizane ndi mapule a galimoto yanu. Popanda kusintha kumeneku, ngakhale geji yodula imanama.

Njira yachiwiri ndi kachipangizo ka maginito kamene kamawerenga mano a flywheel kapena timaginito tomatidwa pa pule ya injini. Njirayi ndi yolondola kwambiri chifukwa sidalira lamba, koma imafuna kuboola kapena kupanga chogwirizira. Mapampu ena a dizilo a Toyota, ochokera pa galimoto zimene zinali ndi geji yochokera nayo kufakitale, ali kale ndi kachipangizo kowerengera marevu. Muuzeni mmisiri ayang'ane pa pampu yanu musanagule china.

Njira yachitatu ndi kopanira kamene kamamangidwa pa paipi yopita ku injekita imodzi, n'kumamva kugunda kwa mafuta. Kameneka kayenera kugwirizana ndi kukula kwa paipiyo, ndipo pamalo pomangapo pakhale popalidwa bwino, popanda penti kapena dzimbiri.

Kwa wamalonda wa pikapu imodzi, njira ya alternator ndi yokwanira, bola lamba akhale womangika bwino. Lamba akamaterereka, muvi umaonetsa marevu ochepa kuposa enieni.

Kukula kwake ndi manambala

Mageji amabwera m'masaizi angapo. Yaing'ono ndi ya mamilimita 52, yapakati ndi ya 80 kapena 85, ndipo zikuluzikulu zimafika mamilimita 95 mpaka 125. Ya 52 imalowa paliponse koma manambala ake ndi ang'onoang'ono, ovuta kuwerenga pamsewu wa mabampu. Zikuluzikulu zija zinapangidwira galimoto za mpikisano ndipo zimatchinga msewu. Pa pikapu yantchito, ya 80 kapena 85 ndi imene imawerengeka ndi diso limodzi.

Onaninso pamene manambala akuthera. Injini zakale za dizilo sizipitirira kwenikweni marevu 4,500, ndipo ntchito yambiri imagwirika pakati pa 1,500 ndi 3,000. Mukagula geji yofika 10,000 kapena 11,000, muvi uzingoyenda m'kakona kamodzi ndipo kusiyanitsa 1,800 ndi 2,200 kudzakhala kovuta. Pa dizilo funani yothera pa 4,000, 5,000 kapena 6,000. Pa petulo, yothera pa 6,000 kapena 8,000 ndi yabwino.

Ya muvi imaposa ya manambala owala. Manambala amasinthasintha mofulumira ndipo dzuwa la mu Okutobala likawomba pagalasi saoneka. Muvi umaoneka ngakhale mongoba ndi diso.

Musaiwale mphamvu ya magetsi. Mapikapu amagwiritsa ntchito mavoti 12, pomwe malole ang'onoang'ono ambiri monga Canter ali ndi mabatire awiri opereka mavoti 24. Geji ya 12 ikaikidwa pa 24 imapsa nthawi yomweyo.

Pokagula

Kaya mukugula ku Devil Street kapena ku Malangalanga mu Lilongwe, ku Limbe, ku Ndirande kapena ku Mzuzu, lembani papepala zinthu izi musananyamuke: dzina la injini, petulo kapena dizilo, masilinda angati, ndiponso ngati alternator ili ndi W. Kujambula kumbuyo kwa alternator pa foni kumathandiza.

Funsani mitengo m'mashopu atatu musanatulutse ndalama, monga mmene mumachitira pokaoda katundu. Powerengera, musaone mtengo wa geji wokha. Phatikizanipo chogwirizira, mawaya, fyuzi ndi malipiro a mmisiri. Geji yotchipa imene ikufuna kachipangizo kena kolumikizira itha kudzadula kuposa ya dizilo yeniyeni.

Tsegulani katoni pomwepo. Muone ngati muli kapepala kofotokoza mawaya, chogwirizira ndi mabawuti ake. Igwedezeni pang'ono pafupi ndi khutu. Mukamva kanthu kakugubuduka mkati, ibwezeni. Mayina odziwika monga VDO ndi Auto Meter alinso ndi achinyengo ake, choncho dzina la pa katoni lisakukomoleni. Zilembo zopindika ndi pulasitiki yopepuka ngati chidole zimaulula katundu wabodza.

Gwirizanani ndi wogulitsa kuti ikakana kugwira mudzabweza, ndipo zimenezi zilembedwe pa lisiti. Popanda lisiti mulibe poyambira, ngakhale mutapita kukadandaula ku bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC.

Ena amasankha kugula dashibodi yonse ya mageji yochotsedwa pa galimoto ya mtundu womwewo imene inali ndi geji ya marevu. Imaoneka bwino chifukwa zonse zimakhala pamalo pake. Koma pali misampha iwiri. Woyamba, makilomita amene alembedwa pa sipidomita yatsopanoyo si a galimoto yanu, ndiye lembani akale ndi tsiku limene mwasintha kuti pasadzakhale mkangano pogulitsa. Wachiwiri, pa ma Hilux akale, dashibodi yokhala ndi geji ya oyilo imafuna kusinthanso kachipangizo ka oyilo ka pa injini. Mukasiya kakale kongoyatsa nyali, geji ya oyilo imapsa. Onetsetsaninso kuti ndi yochokera pa galimoto ya mafuta ofanana ndi yanu.

Poiika

Malo abwino ndi pamene diso lingafike popanda kutembenuza mutu. Ambiri amaimanga pa khosi la chiwongolero, pamwamba pa dashibodi chakumanja pafupi ndi chipilala cha galasi, kapena m'bowo lopanda ntchito pa dashibodi.

Pa khosi la chiwongolero, onetsetsani kuti siikutchinga nyali ya oyilo, ya batire ndi geji ya kutentha. Kutaya nyali ya oyilo pofuna kuona marevu ndi malonda oluza. Zunguzani chiwongolero mbali zonse muone ngati dzanja kapena ndodo ya indiketa sizikugunda.

Pamwamba pa dashibodi, ikhale chapansi kuti isabise munthu wa kabaza kapena mwana wowoloka msewu. Kumbukirani kuti malo amenewa amatentha kwambiri galimoto ikaima padzuwa tsiku lonse la msika, ndipo chinthu chonyezimira chimakopa maso a akuba. Geji yakuda, yopanda zokongoletsa, imakhalitsa.

Misewu yopita kominda ndi ya fumbi ndi mabampu. Tepi yomata mbali ziwiri siipirira ulendo wa ku Tsangano. Gwiritsani ntchito mabawuti okhala ndi mawashala, ndipo ikani kalabala pansi pa chogwirizira kuti kachepetse kunjenjemera. Musanaboole dashibodi, pisani dzanja kuseri mumve ngati kulibe mawaya kapena mapaipi a mpweya.

Mawaya anayi

Choyamba chotsani waya wa batire wa mbali yochotsera. Mageji ambiri ali ndi mawaya anayi. Kawirikawiri wofiira ndi wa magetsi, wakuda ndi wa ku bodi, wobiriwira ndi wowerengera marevu, ndipo woyera ndi wa nyali ya usiku. Koma makampani amasiyana, choncho tsatirani kapepala ka mu katoni osati mitundu yokha.

Wa magetsi utengedwe pamalo pamene pamafika moto kiyi akatembenuzidwa pokha, monga pa bokosi la mafyuzi. Mukautenga ku batire mwachindunji, geji izidya moto usiku wonse, ndipo m'bandakucha wa tsiku la msika mudzafuna anthu okankha. Ikanipo fyuzi yaing'ono, ya maampu osapitirira 3, pafupi ndi pamene mwatengera motopo.

Wakuda umangidwe pa bawuti ya chitsulo chopalidwa bwino. Muvi wovinavina nthawi zambiri umayamba chifukwa cha waya ameneyu. Wa nyali ulumikizidwe ku magetsi a paki kuti geji iziwala mukayatsa nyali zokha.

Wowerengera marevu ndi umene umachoka ku injini kulowa mkati. Udutse pa bowo lokhala ndi labala. Ukadutsa pa chitsulo chosaphimba, kunjenjemera kumaudula pang'onopang'ono mpaka shoti. Ukhale kutali ndi ekizozi, fani ndi lamba, ndipo pa petulo usayende mogundana ndi mawaya a mapulagi chifukwa amasokoneza chiwerengero. Umangeni ndi timalamba tapulasitiki.

Polumikiza pawotcheredwe kapena papanidwe ndi zolumikizira zenizeni. Kupota mawaya ndi zala n'kukulunga ndi jumbo kwapsereza galimoto zambiri. Mukapita kwa mmisiri, kaya ku Biwi, ku Mchesi kapena kwanuko, gwirizanani mtengo wa ntchito yonse kuphatikizapo kuyesa, ndipo muimirire pomwepo muone pamene akutenga moto.

Iyeseni ngati sikelo

Sikelo ya pamsika imayesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Geji yanu muyenera kuiyesetsa nokha. Magalaja ena ali ndi kachipangizo kam'manja kowerenga marevu ndi kuwala: amamata kapepala konyezimira pa pule ya injini n'kulozetsapo. Ena ali ndi nyali yotchunira taimingi imene imaonetsanso marevu pa injini ya petulo. Yesani malo awiri, injini ikulira payokha komanso pa marevu 2,000 kapena 2,500. Geji itha kulondola pansi n'kumanama pamwamba.

Injini zambiri zamtunduwu zikatentha zimalira pazokha pakati pa marevu 650 ndi 850. Muvi ukaonetsa 400 kapena 1,500 pomwe injini ikumveka bwinobwino, ndi geji imene ikufunika kusintha.

Palinso njira ya masamu imene mungachite nokha. Pa mapikapu ambiri akale oyendera matayala akumbuyo, giya yachinayi imazunguza shafuti mofanana ndendende ndi injini. Chongani tayala lakumbuyo ndi choko, kankhani galimoto mpaka tayala lizungulire kamodzi, ndipo yezani mtundawo. Tiyerekeze kuti ndi mamita awiri. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola galimoto imayenda mamita 1,000 pa mphindi, ndiye tayala likuzungulira ka 500. Chulukitsani ndi nambala ya difu yanu, imene makaniko angakuuzeni. Ngati ndi 4.3, injini ikuzungulira ka 2,150. Liwiro liyezeni ndi GPS ya pa foni, wina ataigwira, chifukwa masipidomita akale nawonso amanama, makamaka ngati munasintha saizi ya matayala.

Kuwerenga muvi pamsewu

Geji payokha sipulumutsa ngakhale dontho la mafuta. Chopulumutsa ndi phazi ndi dzanja la dalaivala.

Injini za dizilo monga 3L, 4JB1 ndi TD27 zimakoka kwambiri pakati pa marevu 2,000 ndi 2,400. Za petulo zimakoka chapamwamba pang'ono, cha m'ma 2,500 mpaka 3,500. Pamsewu wosalala, sinthani giya kuti muvi uzisewera pafupi ndi pamenepo kapena pansi pang'ono. Kukokera giya iliyonse mpaka 3,500 pa dizilo kumangowonjezera phokoso ndi mafuta.

Vuto lalikulu kwa onyamula katundu ndi lina: kukakamira giya yapamwamba pa chitunda poganiza kuti akusunga mafuta. Pa zitunda za Khwekhwerere pochokera ku Golomoti kukwera ku Dedza, pa Thabwa pochokera ku Chikwawa, kapena pa Chiweta, pikapu yodzaza ikatsika pansi pa marevu 1,500 phazi lili pansi, injini ikubanika. Utsi wakuda umene ukutuluka kumbuyo ndi dizilo amene mwalipira koma sanapse. Pampu ya madzi ndi fani zikuzungulira pang'onopang'ono pomwe kutentha kukuchuluka, ndipo mabering'i akumenyedwa. Tsitsani giya muvi usanafike pamenepo.

Potsetsereka, giya imene munakwerera ndi yomwe mutsikire. Pampu ya dizilo imaletsa injini kupitirira malire mukaponda mafuta, koma siingaletse katundu wolemera kuikankha kudzera m'matayala. Muvi ukamayandikira 4,000 potsika, pondani mabuleki muchepetse liwiro. Ndipo chizolowezi choika galimoto pa fili potsetsereka kuti mafuta asungike n'chakupha. Mabuleki okha akagwira ntchito mtunda wautali ndi katundu amatentha n'kusiya kugwira.

Matani pa galasi la geji timizere tiwiri ta tepi, kamodzi pa malire apansi ndi kena pa malire apamwamba. Dalaivala wolembedwa ntchito sasowa kumufotokozera zambiri: muvi ukhale pakati pa timizereto.

Matenda amene muvi umaulula

Mukaponda mafuta pa chitunda mu giya yachinayi, muvi n'kukwera koma liwiro osasintha, kalachi yayamba kuterereka. Kuisintha msanga kumapulumutsa flywheel, ndipo mumasankha nokha tsiku lokonzetsa m'malo mofera panjira ndi tomato wakupsa.

Muvi ukamakwera ndi kutsika injini ikulira payokha, pa dizilo ganizirani fyuluta ya mafuta kapena mpweya wolowa m'mapaipi. Pa petulo ganizirani kabuleta kapena paipi ya mpweya yong'ambika.

Pa petulo, galimoto ikakana kulira, yang'anani muvi pamene mukuliza sitata. Ukamagwedezeka pang'ono, mbali ya mapointi kapena igniter ikugwira ntchito. Ukangoti zii, yambirani kufufuza kumeneko musanaphwasule kabuleta.

Pa dizilo yolumikizidwa ku alternator, muvi ukagwa pa ziro injini ikulira, imani msanga pamalo abwino. Mwina lamba waduka. Pa injini zambiri lamba yemweyo amazunguza pampu ya madzi, ndipo pa Toyota 2L ndi 3L komanso Isuzu 4JA1 ndi 4JB1, kapampu kothandiza mabuleki kali kumbuyo kwa alternator. Lamba akaduka, mukaponda kangapo mabuleki amauma. Koma musadabwe m'mawa muvi ukakhala pa ziro mutangoliza kumene, n'kudzuka mukaponda mafuta pang'ono. Ma alternator ena amayamba kutchaja akazungulira mofulumirirapo.

Kodi ndalama ibwerera?

Yankho lili mu kope lanu. Musanaike geji, dzazani thanki, lembani makilomita, yendani maulendo anu a nthawi zonse, dzazaninso ndi kulemba malita amene alowa. Gawani makilomita ndi malita. Chitani zimenezi maulendo angapo, kenako bwerezani geji itaikidwa, pa msewu womwewo ndi katundu wofanana.

Tiyerekeze kuti ulendo wanu wokapikula umadya malita 30 kupita ndi kubwera, ndipo mumayenda kawiri pa sabata. Kusintha kayendetsedwe kukakupulumutsirani malita awiri pa ulendo, ndi malita 16 pa mwezi. Chulukitsani ndi mtengo wa lero wa pa filing'i siteshoni, muyerekeze ndi zimene mwalipira pa geji ndi mmisiri. Ngati dalaivala wanu anali kale wosamala, kusiyana kudzakhala kochepa, ndipo phindu lidzaonekera pa kalachi ndi injini yokhalitsa.

Komabe geji ya marevu si chinthu choyamba kugula. Ngati matayala ndi osalala, mabuleki akufuna kupopa, geji ya kutentha inafa kapena nyali ya oyilo siyaka, yambani ndi zimenezo. Ndi zomwe zimateteza moyo ndi injini, ndipo matayala ndi mabuleki ndi zomwe a Road Traffic amayang'ana popereka COF. Palibenso geji imene ingapulumutse pikapu ya tani imodzi imene yasenzetsedwa matani awiri.

Zimenezi zikakhala m'malo, tsegulani boneti sabata ino. Onani ngati pali koyilo, werengani zilembo za kumbuyo kwa alternator, lembani dzina la injini papepala. Mukapita ku shopu ndi pepala limenelo, wogulitsa adzadziwa kuti wabwera ndi munthu wodziwa chimene akufuna.